Mzere Umene Kompyuta Inakana

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko. Kuno tilipo. Mwana wanu chifuwa chija chinatha, wabwerera kusukulu.

Munafunsa ngati ndayamba kugawa zovala za malemu mng'ono wanu. Sindinayambe. Koma pali china chimene ndikufuna ndikuuzeni.

Mukudziwa kuti kompyuta yaikulu ya kuchipatala kwathu, yosunga mbiri ya odwala onse, anaitchera ndi malemu. Ine yanga ndi kulemba mayina pawindo basi. Lolemba m'mawa ataikamo pulogalamu yatsopano, inakana kulumikizana ndi makompyuta ena onse. Odwala anadzaza pabenchi, anamwino osadziwa kuti uyu amamwa mankhwala ati.

Kunabwera mayi wina, katswiri wa zimenezi. Anatsegula pamene pamalembedwa malamulo a netiweki yolumikiza makompyutawo, nkuloza.

"Vuto ndi mzere uwu. Pulogalamu yatsopanoyi silidziwa lamuloli. Tiufufute."

Ndinasuzumira. Pamwamba pa mzerewo panali mawu amene malemu anasiya: "Apa musakhudze. Makamaka inu bambo a mwana, zala zanuzo ndimazidziwa."

Sindinkadziwa kuti analemba zimenezi. Ndinachita ngati ndamumva ali kumbuyo kwanga.

"Dikirani kaye," ndinatero.

"Bambo, panjapo pali anthu odwala. Tidikire chiyani?"

Dzanja langa linali litaphimba mabatani a kompyutayo. Alamu, ndinadikiritsa odwala chifukwa cha mzere umodzi. Mpaka lero ndikuchita nazo manyazi.

Namwino wamkulu anawanong'oneza mayiwo kuti analemba mawuwo ndi malemu mkazi wanga. Atamva, mayiwo anandikokera mpando.

"Sitifufuta. Tingoika kachizindikiro kutsogolo kwake. Kompyuta iziudumpha, koma ukhalapo. Bwerani muike nokha."

Ndinaika, ndi zala zomwe anaziletsazo. Posakhalitsa makompyuta onse analumikizana, ndipo ndinabwerera pawindo kukaitana mayina.

Kompyuta siuwerenganso mzere uja. Mayiwo anandionetsa potsegulira, ndiye m'mawa uliwonse ndisanatsegule windo ndimauwerenga ndine.

Mwana sindinamuuze. Ndikufuna mudzakhalepo pomuonetsa, chifukwa ndekha mawu sangatuluke. Chonde bwerani patchuthi chino. Zovala zidikire kaye.

Perekani moni kwa abambo a kunyumbako ndi ana. Amayi muwauze kuti mwana wawo akundikalipirabe.

Ndine mlamu wanu,
Bambo a mwana