Amuna Anga Akusaka Tsache, Osadziwa Kuti Amadya Naye Mbale Imodzi

Aphungu,

Ndithandizeni, ndagwira njakata yodzipangira ndekha. Mukamawerenga musekako, sindikuletsani, nanenso ndaseka kwa nthawi yaitali. Koma tsopano tseko landithera.

Ndine mphunzitsi wa sayansi, ndipo amuna anga ndi telala. Shopu yawo ndi chipinda chakutsogolo cha nyumba yathu. Zaka zingapo zapitazo ndinkasowa zithunzi zophunzitsira, monga mapiko a dzombe ndi mizu ya nyemba, ndiye ndinapeza nkhokwe ina ya pa intaneti yomwe anthu odzipereka amaikamo zithunzi kuti aliyense azitenga kwaulere. Palibe amene amalipidwa. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti uikemo chimene unajambula wekha, ndipo uvomere kuti aliyense achigwiritse ntchito, bola atchule dzina lako. Nthawi imeneyo zithunzi za moyo wathu kuno zinali zowerengeka. Ndinayamba kuika zanga, kenako kukonza mayina olakwika pa za anzanga, mpaka gulu la odziperekawo linandipatsa udindo woona ngati chithunzi chatsopano chilidi cha amene wachiika. Pa tsambalo aliyense amadzipatsa dzina. Langa ndi Tsache.

Bambo a kunyumba sindinawauze. Ankandinena kale kuti ndinakwatiwa ndi foni, ndiye ndinati ndikawauza kuti ndikugwira ntchito yopanda malipiro andiseka mpaka kalekale.

Chaka chatha kasitomala wina anawaonetsa nkhokwe yomweyo, ndipo anaikonda koopsa. Anadzipatsa dzina loti Singano. Anajambula bobini, choko, tepi, simbi ya makala, mkati mwa makina osokera, zonse zomwe kunalibe wina anaganizapo zojambula. Ndinene zoona, zithunzi zawo ndi zabwino, ndipo ndinazizindikira tsiku loyamba chifukwa katani yathu ya pawindo inkaoneka kumbuyo. Mtima unanyadira ndithu. Vuto ndi lakuti anayambanso kujambula zithunzi za pa kalendala ndi za m'mabuku a masitayilo a suti omwe amapachika pakhoma, n'kumalemba pansi pake kuti ndi ntchito ya manja awo.

Ndinachita ntchito yanga. Ndinachotsa chimodzi, n'kuwalembera mwaulemu kuti chithunzi cha pa kalendala chili ndi mwini wake. Masana akewo ndinawapeza atakhala patebulo, chakudya chitazizira.

"Mayi a ana," anatero, "pali bambo wina pa intaneti apa, Tsache. Munthu wopanda khalidwe. Kalendala ndinagula ndine, foni ndi yanga, chala chodina ndi changa. Iyeyo anaikapo chiyani?"

Apo m'pamene ndinayenera kulankhula. Koma mmene ananenera kuti "bambo wina" zinandigwira m'nthiti, ndinangothawira kukhitchini kukaseka. Ndinati ndiwauza mawa, ndipo mawa limenelo silinafikebe.

Chiyambire pamenepo Tsache ndi mlendo wa tsiku ndi tsiku m'nyumba mwathu. Anamupangira nkhope yake: ndi mwamuna wadazi, wosakwatira, wovala jekete yothina m'khwapa yosokedwa ndi telala wa manja olemera. Makasitomala onse akumudziwa. Mlamu wanga, mng'ono wawo, amati akalowa pakhomo moni wake ndi wakuti, "Achimwene, lero wasesa zingati?" Choipa kwambiri, Aphungu, n'chakuti akafuna kumuyankha Tsache amandipatsa ine foni. Amati, "Inu ndinu aphunzitsi, tandikonzerani mawuwa amve kuwawa bwino." Ndiye ndimakhala pampando wa makasitomala n'kumakonza mawu ondinyoza ine ndemwe, kuikamo mipumiro, nthawi zina kuwonjezerako mchere pang'ono. M'mawa mwake ndikafika kusukulu ndimawayankha modekha ndili m'chipinda cha aphunzitsi. Madzulo amandionetsa yankho langa lomwe n'kunena kuti, "Taonani kudzikuza kwake."

Kalendala anaisiya ndithu, ndipo tsopano amaika zawozawo. Ndinkaona ngati nkhani izilala yokha.

Ndiye kwabwera chithunzi ichi. Tsiku lina dzuwa linalowa bwino pawindo iwo akusoka kolala ya jekete, tepi ili m'khosi, magalasi ali pamphuno. Ndinatenga foni yawo n'kuwajambula. Anachikonda, anachiika m'nkhokwe monga ntchito yawo, ndipo chatchuka kuposa zonse. Anthu achiika pa nkhani zofotokoza ntchito ya utelala m'zilankhulo zomwe sitingathe n'kuwerenga komwe. Amachionetsa kwa aliyense wobwera kudzayezetsa, ngakhale wongofuna kusinthitsa zipi. Sindinawaonepo akunyadira chinthu chotere chikwatiranireni.

Sabata yatha wodzipereka wina, osati ine, anafunsa funso losavuta: ngati manja onse awiri ali pansalu, anadina ndani? Iwo anayankha kuti ndi mkazi wawo, ndipo cha mkazi wawo ndi chawo. Gulu linati ayi, mwini chithunzi ndi wojambula. Mkaziyo alembe yekha kudzera pa akaunti yake kuti akupereka chilolezo, apo ayi chithunzicho chichotsedwa mwezi uno ukamatha.

Tsopano akundikakamiza kuti nditsegule akaunti. Andisankhira kale dzina, akuti Ulusi. Dzulo anati, "Singano ndi Ulusi, tikakhala awiri Tsache uja aona zakuda." Koma gulu lathu limaletsa munthu mmodzi kukhala ndi maakaunti awiri mobisa, ndipo ndine mmodzi mwa amene tinavomereza lamulo limenelo. Ndikatsegula n'kugwidwa, andichotsa pa ntchito yomwe ndimaikonda. Ndikakana, chithunzi chawo chipita ndipo sadzamvetsa chifukwa chimene mkazi wawo wawakanira kanthu kakang'ono chonchi. Ndikalemba ndi dzina langa lenileni la pa tsambalo, ndiye kuti adziwa. Ndimawakonda bambowa, ndipo ndikuopa nkhope imene adzandiyang'ane nayo. Nditani?

Mayi T.,
kuseri kwa shopu ya telala

Mayi T.,

Ndaseka, sindibisa, mpaka wokhala naye tebulo limodzi kuno ku ofesi anafunsa ngati ndili bwino. Koma tipukute misozi tikambirane, chifukwa mwezi sukudikirani.

Za Ulusi ziiwaleni lero lomwe. Bodza limodzi lakusautsani chonchi, ndiye mukufuna kulipezera mnzake? Mukhala mukukangana nokhanokha pa tsambalo, Ulusi kutsutsa Tsache, amuna anu akuombera m'manja. Anzanu amene anaona kuti manja onse ali pansalu si anthu ogona. Adzaona kuti Ulusi ndi Tsache amalemba mofanana, ndipo mudzataya udindo, ulemu ndi chithunzi chomwe.

Pa nkhani ya kalendala simunalakwe. Nkhokwe yotere imayenda chifukwa wotenga chithunzi amakhulupirira kuti woikayo anali ndi ufulu wochipereka. Mukanasiya za amuna anu chifukwa ndi amuna anu, mukanalakwira mphunzitsi mnzanu amene akanazitenga mosadziwa. Choncho musapepese kuti munachotsa. Pomwe munalakwa ndi pampando wa makasitomala paja. Bambowo ankabwera kwa inu ngati kwa mnzawo wapamtima, inu n'kumawathandiza kunola mpeni mukudziwa kuti akulimbana ndi mthunzi. Iwo akhala choseketsa m'nyumba mwawo momwe osadziwa. Chimenecho n'chimene chidzawawe, ndipo n'chimene muyenera kupepesa popanda "koma".

Auzeni sabata ino. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo inu mwalinda kokwanira. Musawauze kudzera pa tsambalo, kapena mu shopu muli kasitomala, kapena mlamu wanu ali pafupi, chifukwa ameneyo nkhani ifika kumsika musanamalize chiganizo. Sankhani nthawi imene atseka shopu ndipo adya. Yambani ndi chimene munandiuza ine koma simunawauzepo iwo: kuti munazindikira zithunzi zawo tsiku loyamba ndipo munanyadira. Kenako atsegulireni akaunti yanu aone okha zaka zonse zimene mwagwira ntchitoyi. Munabisa poopa kusekedwa. Munthu amene lero amagwada pansi kujambula bobini sangakusekeninso chifukwa cha ntchito yopanda malipiro.

Mukatero, lemberani gulu. Nenani kuti Singano ndi amuna anu, kuti chithunzi chija munajambula ndinu, ndipo mukupereka chilolezo. Nenaninso kuti kuyambira tsopano zithunzi zawo aziona ndi ena. Izi munayenera kuchita kalekale, chifukwa munthu saweruza mlandu wa m'nyumba mwake. Mwina ena adzakudzudzulani kuti munachedwa kunena. Landirani, akunena zoona.

Muwachenjezenso bambowo za chinthu chimodzi. Lamulo lanu likuti dzina la wojambula litchulidwe. Ndiye kuti chithunzi chimene amachinyadiracho, kulikonse kumene chidzapite, pansi pake padzalembedwa kuti wojambula ndi Tsache. Walira mvula walira matope. Afunseni ngati akuvomera musanalembe, chifukwa nkhope ndi yawo, ndipo chilolezo choterechi chikaperekedwa sichibwezedwa. Ndikukayika ngati angakane. Koma pa nkhani yonseyi sanafunsidwepo kanthu, ndiye apa afunsidwe.

Asakudabwitseni akapsa mtima. Mwina makina adzalira kwambiri masiku angapo, mwina adzayankha moni wanu ndi mphuno. Asiyeni. Ali ndi makasitomala ambiri oti awafotokozere kumene kwapita bambo wadazi uja, ndipo zimenezo zimafuna kulimba mtima.

Chenjezo langa ndi ili, mayi: tsiku lowauzalo musaseke. Ndikudziwa kuti adzatsegula pakamwa, adzavula magalasi, adzakuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo nthiti zanu zidzayamba kugwedera. Lumani lilime, dzitsineni pantchafu ngati kuli kofunika. Inu mwaseka nokha chaka chathunthu. Nkhaniyi adzayamba kuiseka okha, mwina mawa lake, mwina mwezi wamawa, ndipo adzaikamba kwa aliyense wobwera kudzayezetsa. Dikirani ayambe iwo.

Aphungu