Andinamizitsa alamu anga ufiti

Achimwene,

Landirani moni ku Beira konko. Kuno ku Chifunde tili moyo, ngakhale bondo lija likundivutabe. Koma chondipweteka kwenikweni ndi ichi.

Ku chipatala cha misau, mishoni yathu ija, anandituma kulemba nkhani ya alamu anga a Nabanda, achemwali a mkazi wanga, aja anachira chifuwa chachikulu. Ndinalemba zimene anandiuza okha: anamwa mankhwala osadumphitsa, anapemphera, kenako anakathira nsembe kwa makolo pothokoza. Dotolo watsopano wa pachipatalapo anafufuta za makolozo n'kulemba kuti misau inawatulutsa mumdima wa ufiti. Chithunzi chawo pamwamba, dzina langa pansi! Pepala limene anasindikizamo nkhaniyo linabwera ndi mphunzitsi wina, naliwerenga pamsika.

Dzulo tili pamaliro ku Nsadzo, alamuwo anandiuza pagulu kuti, "Alembi, sunthirani uko, mungakhudzane ndi mfiti." Mkazi wanga sakundilankhula. Nditamufunsa dotolo uja, anangoti, "Otithandiza akunja amakonda zotere." Zaka zonsezi ndikulembera misau, sindinanamizirepo munthu.

Chonde mundibwezere msanga kope la nkhaniyo lolemba pamanja lija ndinakutumizirani. Ndikaliwerenge pakhomo pa alamuwo anthu akumva, kenako cholembera cha misau ndikachibweza kwa eni ake.

Mulungu akusungeni pamodzi ndi ana.

Ine mng'ono wanu,
Jusitino