Kyubu ya Mlatho wa ku Mgona

Lolemba, 6 Novembala 2006

A Gilford andichotsa pa ntchito ya mlatho wa ku Mgona. Kuyambira mawa ndizijambula mapulani mu ofesi. Akuti ndipumeko dzuwa.

Ndi omwewa anatiphunzitsa za konkire ku koleji. Kampani yawo ndinaisankha chifukwa cha iwo.

Lachiwiri, 7 Novembala

Ndilembe zomwe ndinaona ndisanayambe kudzikayikira. Tsiku lothira konkire, kapitawo Idrissa anakanda ina pambali m'wilibala, ya simenti yambiri. Makyubu, timabuloko tokayezetsa mphamvu ya konkire ku labu, anaumba ndi imeneyo. Ya pamlatho inali ya mchenga wamatope, yamadzimadzi ngati phala la mwana. Nditafunsa anaseka. "Achemwali, kokajambulitsa mumavala zolimira?"

Ndinakauza a Gilford. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundithokoza.

Lachinayi, 9 Novembala

Chomwe sakudziwa: tsiku lomwelo ndinaumba kyubu yanga ndi konkire ya pamlatho. Ili m'ndowa ya madzi kuseri kwa chitseko, kuno ku Kawale. Amayi akufuna ndowa yawo.

Loweruka, 11 Novembala

Lajabu, mnzanga wa ku labu, waipanikiza pa makina. Yaphwanyika isanafike ndi theka lomwe la mphamvu yofunika. Anayang'ana zidutswazo nati, "Iyi ndi ya pakhonde, Vaileti."

Lolemba, 13 Novembala

Ndawaonetsa a Gilford zidutswa zija. Sanagwire n'komwe.

"Vaileti, za m'kalasi zinathera m'kalasi. Kuno ukuphunzira kukhala ndi anthu."

Ndinati pamlathopo pazidutsa ana a sukulu ndi malole a njerwa, ndipo mvula yayandikira. Anati milatho yambiri ili chiimire ndi konkire yoposa pamenepo kuipa. Mwina n'zoona. Sanaiyeze.

Sindinakweze mawu. Ndinkangoona dzanja lawo lija pa bolodi: kyubu itapidwe pa konkire yomwe ikuthiridwa, osati ina. Funsoli linabwera pa mayeso. Anandichonga okha.

Lachitatu, 15 Novembala

Mawa akubwera ophunzira a chaka chomaliza kudzaona mlatho. A Gilford andiitana masana, akumwetulira. Akuti ndikawasonyeze anawo kaumbidwe ka makyubu, "poti iwe umazitsata."

Ndavomera.

Ndikakawaonetsanso anawo za kyubu yanga ija, mwina kampaniyi ndaisiya. Zidutswa zija ndazimanga m'jumbo, zili pafupi ndi nsapato. Ndikwera minibasi yoyamba.