Timavu Tachedwa, Tchuthi Chapita

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bambo diso lija likuwavutabe? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Ndiyambe ndi nkhani yowawa. Sindibwera pa tsiku la opaleshoni ya bambo monga ndinalonjezera. Akapitawo atiuza kuti palibe wopita kutchuthi mpaka nsabwe za m'masamba zitachepa m'mashedi a pulasitiki momwe timalima tsabola.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangopopera mankhwala. Amene amagula tsabola wathu safuna wopopera. M'malo mwake timagwiritsa ntchito timavu tating'ono kuposa udzudzu, timene timabwera m'mabotolo. Kamavu kamabaya nsabwe n'kuikira dzira m'kati mwake. Mphutsi imaidya m'mimba, nsabweyo imatupa n'kuuma ngati kambewu kofiirira, kenako mumatuluka kamavu kena.

Vuto ndi lakuti timavuti timayenda m'mbuyo mwa nsabwe. Titatitulutsa koyamba, nsabwe zinali apo ndi apo. Timavu tija tinkangozungulira osapeza pobaya, ndipo tambiri tinafa tisanasiye ana. Kutangotentha, nsabwe zinaswana mochititsa mantha, chifukwa izo zimabereka ana amoyo, osadikira yamphongo. Tsopano timavu totsala taunjikana pa mizere ya pakhomo pomwe nsabwe zadzaza, mizere ya kumapeto taisiya. Ngakhale pamenepo, kamavu kamodzi kali ndi malire. Kakabaya zingapo kamaima kudzipukuta timadzi tomata timene nsabwe zimatulutsa. Dzulo ndinakhala chogwada kuyang'ana kamodzi kakupukuta miyendo mosafulumira pakati pa nsabwe zosawerengeka. Ndinakakalipira, achemwali, munthu wamkulu ine kukalipira kachilombo.

Kuwonjezera apo, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene timamutcha Wamtali, anathothola masamba onse okhala ndi nsabwe zouma zija n'kukawatentha. Ankati ndi matenda. Ndi mlendo pantchito ndipo palibe anamuuza kuti m'menemo ndi momwe munali timavu tatsopano. Akapitawo anamukalipira mpaka misozi. Ine sindinamuyankhule madzulo onse, koma m'mawa ndinamugawira tiyi, poti mlandu si wake yekha.

Ndinapita kwa mayi mlangizi amene amayendera mashedi athu kukawafotokozera za bambo. Anandimvetsera bwino. Anati timavu tichuluka ndithu chifukwa chakudya chilipo chambiri, koma ana ake amatenga pafupifupi masabata awiri kuti atuluke, ndipo sangawafulumizitse. Anawonjezera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawayankha kuti, “Mayi, achipatala sadikira nkhono.” Anayesa kundipemphera chilolezo kwa akapitawo, koma akapitawowo anakana, akuti akalola mmodzi onse anyamuka.

Moti masiku ano timangotsuka masamba ndi madzi a sopo, limodzilimodzi, kusamala kuti tisachotse zouma zatsopano. Zala zanga zasuwa ndipo malaya amamata ngati ndagwera mu uchi. Lero ndapeza zouma zina zili ndi timabowo, kusonyeza kuti timavu tayamba kutuluka. Anzanga anasangalala. Ine ndinangoti bwenzi titatuluka sabata yatha.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaperekeze bambo kuchipatala inuyo, musatume wina. Mukudziwa kuti amaopa jakisoni ngakhale savomera, ndipo akachita mantha amakana kudya. Mukhale nawo pafupi mpaka atalowa. Akafunsa za ine musawanamize kuti ndadwala, angade nkhawa. Muwauze zoona, kuti mwana wawo wamangidwa miyendo ndi tizilombo tosaoneka bwino n'komwe. Akafuna kuseka aseke, bola alowe m'chipindamo akuseka.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Kwa bambo ndiye mugwade m'malo mwanga.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa pakhomo