Ndasesa Manda a Eni

Amayi anga, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji?

Ine kuno ku America, ku Silver Spring, ndilipo, kungoti mawondo ayamba kundikumbutsa zaka ndikamakwera basi. Ndikulemba Lamulungu masana, nditachoka kutchalitchi. Nkhani zilipo zingapo, koma imodzi yandikhala pakhosi, ndipo ndikapanda kuuza inu sindikuona wina womuuza.

Ndiyambe ndi zakumudzi, poti inu munkafuna zimenezo poyamba. Achimwene a Yohane akuti chimanga chinachita bwino kumunda wa kudambo, koma mtedza unapsa ndi ng'amba. Mbuzi yanu yamawanga ija inafa ndi ukalamba, ana ake ndi amene adzaza khola. Piyo, mwana wa achimwene, ali ndi khanda lalikazi, ndipo alitcha dzina lanu, Velonika. Ndinaliona pa foni. Mphumi ndi yanu ndithu, yokwinya ngati wina wachulutsa mchere m'ndiwo. Ine ndikusamalirabe gogo uja wa ku Laurel, kumusambitsa ndi kumupatsa mankhwala pa nthawi yake. Akudya bwino, kungoti amabisa masokosi pansi pa pilo.

Tsopano imvani za mdzukulu wanu Tadala. Munamuona komaliza ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo ataguluka. Lero ndi mayi wapabanja, amuna ake ndi a Dalitso a ku Lusaka, ndipo ndi woyembekezera, miyezi isanu ndi umodzi. Anaphunzira za mbiri yakale, ndiye ntchito yake ndi yoyendetsa alendo m'malo akalekale a mu Washington. Mwezi watha anandiuza kuti, “Mami, zaka zonsezi mukungodziwa basi ya ku Laurel ndi tchalitchi. Loweruka ndikuonetsani mzinda.” Anandilembera malo anayi papepala. Ine ndinakonza madzi, mazira owiritsa, ambulera ndi mankhwala a mutu, tinanyamuka.

Poyamba tinapita ku linga la asilikali akale, m'mbali mwa mtsinje wa Potomac. Makoma ake ndi okhuthala kuposa chipinda chanu chija, ndipo pamwamba pali mizinga yadzimbiri yoloza kumadzi. Ndinafunsa ngati alipo amene anasuzumiramo kuti atsimikize kuti mulibe kanthu. A Dalitso anaseka mpaka kugwira khoma. Ana a eni ankathamanga m'mphepete mwenimweni, makolo awo akujambula. Ine ndinagwira Tadala pamkono njira yonse, moti za nkhondo zimene ankafotokoza sindinamve ngakhale chimodzi.

Kenako mzikiti, pa msewu wa akazembe. Kumeneko ndinakondwa, Amayi. Tinavula nsapato, tinafunda kumutu, ndipo panalibe wokweza mawu. Makoma ojambulidwa bwino ngati nsalu yodula. Ndinati awa ndiye anthu odziwa kulowa pamalo. Nsapato zanga ndinazisuzumira katatu, koma zinalipo.

Kachitatu, munda wa maluwa. Ndi waukulu kuposa minda yathu yonse kuiphatikiza, wothiriridwa bwino, nthaka yakuda bii, koma wopanda ngakhale phata limodzi la nkhwani. Ndinakumbuka muja munkanenera kuti duwa ndi mlendo, limabwera litavala bwino koma silisiya kanthu m'nkhokwe.

Malo achinayi anangolemba dzina lachingerezi, ine n'kumayesa ndi munda winanso. Tinafika pa geti lachitsulo, ndinasuzumira m'kati, ndinaona ziliza. Anali manda, Amayi. Ndipo m'mandamo anthu akuthamanga atavala makabudula, ena akuyendetsa agalu, awiri atayala nsalu pafupi ndi chiliza cha munthu akudya buledi. Ndisanatseke pakamwa, ndinaona mwana wanga, mimba patsogolo, akulowa ngati akulowa mu shopu.

Ndinamukoka diresi. “Iwe, ukupita kuti?”

“Mami, awa ndi malo okongola kuposa onse mwaonawa. Muli ziliza za zaka mazana awiri.”

“Ndi mimba imeneyo?”

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za mwezi. “Ndimabwera kuno Loweruka lililonse,” anatero.

Anafotokoza, theka m'Chichewa theka m'Chingerezi chake chija, kuti kumtunda kuli ziliza zazikulu za anthu olemera, zina ngati nyumba, ndipo alendo amabwerera zimenezo. Koma kumunsi, kotsetsereka, n'kumene ankaika anthu akuda, ena mwa iwo akapolo. Miyala yawo inagwa, ina inamira m'nthaka, mayina akufufutika. Ndiye pali kagulu kamene kamasesa, kutsuka miyalayo ndi kulemba mayina amene akuonekabe. Iye ali ndi mzere wakewake, ndipo anayamba asanakwatiwe. Ine mayi wake osadziwa kanthu.

Amayi, inu mukudziwa. Kwathu kumanda salowa wamba. Pamakhala maliro, kapena chiliza, ndipo amayamba apempha kwa eni manda. Woyembekezera ndiye sayandikira n'komwe. Pamene ndinali ndi mimba ya Tadala yemweyu, agogo aamuna atamwalira, munanditsekera m'nyumba, ine ndikulira kuti ndikaperekeze. Munati, “Wonyamula moyo sakacheza ndi imfa.” Mawu amenewo ndinamuuza pa getipo, mmene munanenera. Iye anati dokotala anamuuza kuti kuyenda n'kwabwino. Ndinati dokotala anaphunzira za mimba, za manda sanaphunzire. A Dalitso analowererapo ndi Chinyanja chawo cha ku Lusaka: “Amai, osadandaula, ni paki chabe iyi.” Poti ndi akamwini sindinawayankhe, ndinangowayang'ana mpaka anayamba kufunafuna makiyi m'thumba. Tsiku limenelo Tadala sanalowe, koma m'galimoto tinabwerera ngati anthu ochokera ku mlandu.

Sabata yonseyo mtima unali m'mwamba. Ndinkamuimbira m'mawa uliwonse kufunsa ngati mwana akugunda. Lachinayi anatopa nane. Anati, “Mami, ndinalonjeza kumaliza mzere wanga chisanu chisanagwe. Ndikapanda kupita, palibe wina.” Ndinaona kuti kukuwa sikuthandiza, mwanayu mutu anatengera inu. Ndiye pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinawakonze: “Mzere wakowo undipatse ine. Iwe uzikhala kunja kwa geti mpaka mwana atabadwa.” Anaseka nthawi yaitali, kenako anavomera.

Ndiye Loweruka, ine mwana wanu, wa kumpingo, wa zaka makumi asanu ndi mphambu, ndinamanga chitenje pamwamba pa thalauza, ndinatenga tsache langa la kunyumba ndi botolo lalikulu la madzi, ndinakwera sitima ya Red Line kupita kumanda popanda maliro. Pa geti ndinafunsa kuti eni ake ndani, ndipemphe. Anandisonyeza mayi wina wachizungu wa chipewa chachikulu, amene anangondipatsa magolovesi ndi burashi n'kundithokoza. Sizinandikwanire. Ndinaima pakhomopo, ndinawomba m'manja, ndinati, “Odi, eni kuno. Ndine mlendo, ndabwera kudzasesa, sindikhalitsa.” Bambo wina wa galu anaima n'kumandiyang'ana. Galuyonso anandiyang'ana. Tadala ndinamusiya pa benchi kunja, ndi buku lake la mayina, ndipo ndinamuuza kuti phazi likangodutsa geti pangano latha.

Kasesedwe ka anthu amenewa, Amayi, mukanalira. Amangokankhira masamba pa manda a mnzake. Ndinawasonyeza kuyambira kumutu kutsikira kumiyendo, zinyalala n'kuzitulutsa kunja kwa mzere, ndiponso kuti munthu salumpha mtumbira, amazungulira. Mwala akuti tizitsuka ndi madzi okha, sopo amauwononga. Madzi okha! Ndinamvera, koma mtima sunavomere.

Kumapeto kwa mzere kunali mwala waung'ono wopendekeka, wodzala ndere. Ndinagwada n'kuyamba kupukuta. Patapita nthawi panaoneka mawu amodzi pamwamba, aja amene pa Chingerezi amatanthauza mayi. Pansi pake, pamene panayenera kukhala dzina, panali posalala. Ndinathira madzi, ndinapukuta, ndinayang'ana chammbali kuti dzuwa lindithandize, ndinapapasa ndi chala. Palibe. Ana ake anagula mwala, analembetsa dzina, koma mvula inadya. Ndinakwiya, osadziwa amene ndikumukwiyira.

Potuluka ndinasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi pa geti pomwepo, ndisanakhudze Tadala. Mankhwala othira m'madzi ngati kwathu ndinalibe, ndinangopemphera. Ndinamuuza za mwala wopanda dzina uja, iye analemba m'buku mwake. Kenako, osakweza n'komwe mutu, anafunsa kuti, “Mami, nanga manda a agogo amasesa ndani?”

Ndinati kwathu manda si bwalo, sasesa tsiku lililonse.

“Chabwino. Nanga chiliza chawo n'chotani? Simunandionetsepo chithunzi.”

Amayi, apa ndiye pamene pali nkhani. Mukudziwa kuti maliro anu ndinawaonera pa foni, mapepala anga okhalira kuno asanakonzeke, Piyo atakweza foni m'mwamba, mawu akudukaduka. Ndinalonjeza kuti chiliza ndidzamanga ine. Mapepala anatuluka zaka zitatu zapitazo. Chiyambire ndili ndi kabuku kamene ndinajambulamo chilizacho, kutalika kwake, mtundu wa matailosi, zonse. Chimene chandichedwetsa ndi vesi. Ndasankha mavesi asanu ndi limodzi, ndipo chaka chilichonse ndimati ndidikire ndipeze loyenera. Munkandinena kuti, “Felesita, ukamayeza nsalu kachitatu, anzako avina kale ukwati.” Ndinkati mumandinyoza.

Nditafika kunyumba ndinaimbira achimwene. Ndinati, “Achimwene, manda a amayi ali pati kwenikweni?”

Anayamba akhosomola. “Pafupi ndi muwanga uja.”

“Kumanja kapena kumanzere?”

Pa foni ndinamva nkhuku zikulira. Kenako anati mtanda wathabwa unadyedwa ndi chiswe kalekale, mitumbira inaphwa ndi mvula, ndipo pansi pa muwangapo pali itatu yoyandikana: wanu, wa azakhali a Malita, ndi wa mkazi wina wa kutsidya. Anati amene angadziwe ndi amalume a Sitefano, alongo anu, poti ndi amene analoza pokumba. Amalume omwe aja amene maso achita ng'ala, oti Piyo amamutcha Yohane.

Ndinakalipa, Amayi. Ndinati munthu wamkulu, wokhala pamtunda woti n'kufika kumandako kapu ya tiyi isanazizire, angataye bwanji amayi ake? Anandisiya ndimalize. Kenako anati, “Chemwali, ine ndinanyamula bokosi. Unati chiliza ndi chako, tisakhudze. Sitinakhudze.” Chitenje chimene ndinasesera manda a eni chinali chili m'chiuno.

Ndinawapempha, mwaulemu tsopano, kuti akapemphe chilolezo kwa eni manda, atenge amalume, apite sabata yomweyo, asadikire mvula. Anapita Lachinayi. Akuti amalume anaima nthawi yaitali atagwira muwanga, kenako anayenda mapazi anayi, n'kugogoda pansi ndi ndodo, nati, “Mlongo wanga ali apa, pakati. Ndinapunthwa pa muzu uwu tsiku lija.” Muzuwo ulipodi, ndauona pa chithunzi. Achimwene akhomapo chitsulo, n'kumangirirapo khasu lanu lakale lija kuti pasasokonekerenso. Chithunzicho ndachikuza ndi zala mwina kakhumi. Ndikufuna kukhulupirira amalume. Koma ngati alakwitsa, ndipo khasu lanu lili pa azakhali a Malita, musakwiye. Moyo wonse munkabwerekana makasu, ndipo iwo sankabweza.

Kumanda a eni kuja ndikupitabe. Dzulo linali Loweruka lachitatu, kwatsala miyala isanu ndi iwiri. Agalu akadalipo, othamanga akadalipo, ndipo dzulo lomwelo ndinapeza mtsikana atatsamira chiliza akupenta zikhadabo. Sindidzazolowera. A Dalitso tsopano amandinyamulira madzi mpaka pa geti, ndipo aphunzira kunditsanulira posamba, ngakhale amayang'ana uku ndi uku kuti anzawo ogwira nawo ntchito ku banki asawaone. Mwala wopanda dzina uja ndimausesa komaliza, ndipo ndimaupatsa moni, poti sindikudziwa ngati alipo wina amatero. Tadala amakhala pa benchi yake kunja, akudya mtedza, akundikuwira kuti ndawerenga molakwa chaka. Sanalowe, Amayi, ndipo salowa. Pamenepo pokha ndagwira mawu anu.

Mwana akuyembekezeka mu Januwale. Ndikamuona watuluka chikuta, wayamba kulimba khosi, ndikwera ndege mu Julaye, mvula itatha. Tchuthi ndapempha kale, ndipo abwana achilemba. Vesi ndasiya, ndauza achimwene asankhe okha, ngakhale ndikudziwa kuti asankha lalitali. Ine changa ndi dzina. Ndikaima pambali pa wolembayo mpaka alizokote mozama, moti chala chizilowa, mvula idzatope yokha.

Mundidikire pomwepo pakati, Amayi. Tsache ndibwera nalo.

Ndine mwana wanu wokukondani, wochedwa uja,
Felesita