Mapiritsi a mu kachitini ka mabatani

LOLEMBA

Asisi, 07:42
wakapeza? ndinakalowetsa pansi pa pilo wako dzulo ndikutsanzika. kachitini kofiira ka mabatani

Chitsiriza, 07:58
ndakapeza. koma asisi mulibe mabatani, muli mapiritsi

Asisi, 07:59
ndikudziwa. ndinawachotsa mu pepala lake kut amuna ako ndi amayi asawerenge dzina. alipo 15. limodzi mmawa uliwonse, utadya kaye

Chitsiriza, 08:01
ndi a chani

Asisi, 08:04
a maganizo. anamuthandiza mnzanga wina wosoka naye kuno ku shopu. anali ngati iweyo, osagona, osadya, kumangolira

Chitsiriza, 08:15
[uthenga wa mawu, 0:52]
Asisi, ine sindikudziwanso. Mawa akwana masabata asanu chimuikireni mwana wanga, koma mkaka ukutulukabe. Ndikasamba ndimangoima m'bafa mpaka madzi azizire. Tizovala take amayi anatimanga mu chikwama nkuika pamwamba pa wodirobu, ati ndisamatione, koma ine ndimagona moyang'ana chikwamacho. Bambo ake anayambiranso ntchito. Akabwera amandifunsa kuti wadya, ndimati eya. Bala la opareshoni nalo likupwetekabe ndikawerama.

Asisi, 08:17
imwa limodzi pompano mwana wa amayi. usauze munthu plz

LACHINAYI

Chitsiriza, 11:20
asisi sakugwira awa. mseru basi. lero ndamwa awiri

Chitsiriza, 11:46
ndikumwanso tramadol anandigulira bambo ake ku famase chfkwa cha bala. palibe vuto eti?

Asisi, 16:05
sorry ndinali busy, tili ndi order ya mayunifomu a sukulu, abwana atiima pamutu. awiri ayi iwe, si panado ameneyo. amatenga masabata kut ayambe kugwira

Asisi, 16:06
a bala aja ndi a ululu, ndi zosiyana. ndikuganiza palibe vuto

Chitsiriza, 16:30
masabata? ine sindingafike masabata ndili chonchi

Asisi, 16:31
ufika. limodzi basi wamva

LOLEMBA

Chitsiriza, 09:10
mwangoti zii. muli bho?

Asisi, 12:40
ndilipo koma mutu sukuyenda. chizungulire chiyambireni dzulo, ndikatembenuka mmutu mukuchita ngati shoko ya magetsi. ndasoka makolala atatu chagada, ndaphwasulanso. mwina malungo. iwe bwanj

Chitsiriza, 13:02
manja akunjenjemera ndikulemba movutika. thukuta ngat ndathiridwa madzi. mmimba mwatsegukanso

Asisi, 13:03
ukumwa angati

Chitsiriza, 13:15
awiri awiri. lero atatu ndimafuna ndigone

Asisi, 13:15
iwe!! usamwenso. siya lero lomwe

[Asisi aimba, 13:16, sanayankhidwe]

Chitsiriza, 13:40
amayi ali pafupi sindingayankhe. ndigone kaye

Asisi, 13:41
imwa madzi ambiri. zikapitirira undiuze

LACHIWIRI

Alamu, pa foni ya Chitsiriza, 10:14
Alamu, ndine bambo a kunyumba kwa mng'ono wanu. Tili naye ku chipatala chiyambire 6 koloko. Thupi latentha kwambiri, miyendo ikungodumpha yokha, sakundizindikira. Malungo ayeza palibe.

Alamu, 10:16
Adokotala akufunsa kuti wamwa chiyani. Ndawauza za tramadol, akuti payenera kukhala chinanso. Amayi apeza kachitini pansi pa pilo muli piritsi limodzi loyera lopanda pepala. Ndatsegula foni yake ndaona kuti munamupatsa ndinu.

Alamu, 10:16
Dzina la mankhwalawo ndi chiyani?

[Alamu aimba, 10:19, sanayankhidwe]

Alamu, 10:24
Ndikuona kuti mwawerenga.

Asisi, 10:29
[uthenga wafufutidwa]

Alamu, 10:33
Mufunseni mnzanu wa ku shopuyo. Kapena ndipatseni nambala yake ndimuimbire ndekha.

[Alamu aimba, 10:38, sanayankhidwe]

Alamu, 10:44
Wayamba kugwedezeka thupi lonse. Anamwino atatu amugwira. Alamu chonde.

Asisi, 10:51
[chithunzi: kabokosi ka mankhwala kopanda kanthu, chizindikiro cha ku chipatala chili ndi dzina la Asisi]

Asisi, 10:53
[uthenga wa mawu, 0:41]
Alamu, aonetseni adokotala chithunzicho, dzina lili pamenepo ndi mlingo wake. Mnzanga kulibe. Ndi anga. Ndakhala ndikumwa chaka ndi theka, a matenda a maganizo, akudziwa ndi amuna anga okha. Ndinamupatsa 15 Lamulungu, masiku 9 apitawo. Anayamba limodzi, kenako awiri, dzulo anamwa atatu, pamodzi ndi tramadol uja masiku onsewo. Auzeni zonse mmene ndanenera. Ndikunyamuka pompano.

Alamu, 11:37
Awona. Akuti mankhwala anuwo ndi tramadol samwera limodzi popanda dokotala kudziwa, ndiye kuonjezeranso mlingo. Amubaya jekeseni woletsa kugwedezeka, amuika diripu, akumuziziritsa ndi nsalu zonyowa. Akuti tidikire.

Asisi, 11:38
ndili pa geti. wodi iti

Alamu, 11:45
Musalowe. Amayi amva uthenga wanu wa mawu, ndinautsegula ali pompo. Akulira pa khonde.

Alamu, 11:47
Ndinakufunsani 10:16. Mwayankha 10:51. Ine ndinali nditaima pambali pa bedi ndikuyang'ana foni, mkazi wanga akuluma lilime. Mumaganiza chiyani nthawi yonseyo?

Asisi, 11:58
ndimaganiza za mmene amayi andiyang'anire. palibe china alamu

Asisi, 14:20
ndikadali pa geti. kutentha kwatsika?

Asisi, 17:05
alamu

Alamu, 17:52
Kwatsika pang'ono. Watsegula maso, wafunsa madzi. Pitani kunyumba.

LACHINAYI

Asisi, 15:10
[uthenga wa mawu, 1:26]
Chitsiriza, sindikudziwa ngati foni yabwerera kwa iwe. Ndachokera ku kiliniki kwanga kumene ndimalandira mankhwala aja. Tsiku langa linali lisanakwane, koma anga anatha Lachisanu chifukwa ndinagawa. Chizungulire chija sichinali malungo, anamwino akuti ndi kusiya mwadzidzidzi. Dzulo ndinagwa pa masitepe a ku shopu nditanyamula mpukutu wa nsalu. Ndawauza zonse anamwino aja. Sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangovula magalasi nkundifunsa kuti, inuyo tisanakupatseni tinakufunsani mafunso angati? Ndinakumbuka. Anandifunsa za mankhwala ena onse amene ndimamwa, anandiyambitsa ndi theka, anandiitananso patatha masabata awiri, anauza amuna anga kuti azindiyang'anira masiku oyamba. Ine iwe ndinakufunsa chiyani? Ndinangokupatsa ngati maswiti. Unandifunsanso za tramadol, ine nkuyankha ndili pa mashini, osadziwa kanthu. Andiyambitsanso anga lero. Ndikhululukire mng'ono wanga.

Asisi, 18:30
amayi sakuyankha foni yanga

LOWERUKA

Chitsiriza, 09:25
ndine. anditulutsa dzulo

Asisi, 09:25
ambuye. uli bwanj? ukutha kuyenda?

Chitsiriza, 09:31
miyendo ikuwawa ngat ndamenyedwa. lilime lili ndi bala. za lachiwiri sindikukumbuka kalikonse

Chitsiriza, 09:33
ndiye mnzanu wa ku shopu uja ndinu

Asisi, 09:34
ndine

Chitsiriza, 09:40
chaka ndi theka. pa ukwati wanga munali mukumwa kale? mumavina chonchija?

Asisi, 09:42
ndinali ndangoyamba. ndimavina chfkwa anayamba kugwira. chisanafike chimenecho ndinkadzitsekera mu chipinda choyezera zovala kumalira, kenako nkutuluka kukayeza kasitomala

Chitsiriza, 09:44
mukanandiuza zimenezo mmalo mwa kachitini

Asisi, 09:44
eya

Chitsiriza, 10:02
adokotala andipatsa kalata. akuti ndili ndi matenda a maganizo enieni, ndipite ku kiliniki lachitatu 8 koloko akandione bwinobwino. ndi komwe mumapita inu komweko

Asisi, 10:03
upite. kuli mayi wina amakhala nawe pansi kumacheza, si mapiritsi okha. ndipo akakupatsa akupatsa ako, oyenera iweyo, akudziwa zonse zachitikazi

Chitsiriza, 10:15
bambo ake akuti mnyumba muno simulowanso piritsi la maganizo. amayi akuti mankhwala amisala anatsala pang'ono kuwaphera mwana. abweretsa azimayi a mapemphero mawa

Chitsiriza, 10:16
nanenso ndikuopa asisi. ngakhale panado ndikamuona mtima ukuthamanga

Asisi, 10:18
mapemphero apemphere, sindikuletsa. koma mankhwala sanalakwe, ndinalakwa ndine. kulira kwasiya?

Chitsiriza, 10:40
ayi

Chitsiriza, 10:41
mmawa ndikatsegula maso ndimakhumudwa kut ndadzukanso

Asisi, 10:41
mawu amenewa uwauze amuna ako lero lomwe, mmene wandiuzira ine. ukapanda ndiwaimbira ndekha ngakhale andinyoze. ndipo usamakhale wekha mnyumba

[Asisi aimba, 10:42, sanayankhidwe]

Chitsiriza, 11:05
ndawauza. angogwira mutu

Asisi, 11:06
lachitatu ndapempha kale kwa abwana. ndikakhala pa benchi ya panja. ngati alamu safuna kundiona ndikhala patali, bola iwe ulowe

Chitsiriza, 11:30
ndiona

LACHITATU

Asisi, 07:35
ndafika. ndakusungira malo pa mzere, ndiwe wachinayi. ukalowa pa geti ukhotere kumanzere, chitseko chobiriwira

Asisi, 08:20
mwanyamuka?

Asisi, 08:55
aitana dzina lako. ndawauza kut uli mnjira

[Asisi aimba, 09:10, sanayankhidwe]

Asisi, 09:12
alamu ngati foni ili ndi inu, ine ndichoka pano mukangonena. mubwere naye basi

Asisi, 10:30
aitananso

Asisi, 11:48
ndikuona kut mwawerenga. ndiuzeni chabe kut ali bwino

Asisi, 12:05
akutseka 1 koloko. anamwino akuti akhoza kumuona ngakhale 12:50

Asisi, 12:52
ndikadali pa benchi