Kapu yachitatu

Lachitatu, mu Juni. Chiperoni tsiku lonse, mawondo akuwawa.

Mwana wanga Tadala anabwera ataweruka kuntchito ku Limbe. Kakompyuta kakale kamene anandiikira pabalaza, kosunga zithunzi ndi mawu a malemu mayi ake, kakhala kakuzima ndikangotsegula nyimbo imene ankatsogolera kukwaya. Ndakhala ndikuopa kuti tsiku lina kadzazimiratu, mawu awo n'kupita nako.

Anakhala pansi jekete osavula. Akuti disiki yake, mosungira zinthumo, ndi yongoyerekezera, ndipo kapulogalamu koiyendetsa kamadya memori yonse, kakompyutako n'kusowa poganizira, chifukwa kamasungira malo ngakhale zigawo zopanda kanthu.

"Ndiye ufufuta chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe, adadi. Ndingokauza kuti pomwe palibe chinthu kasamasungirepo malo. Kakufa ndi kusenza mphepo aka."

Anakonza, n'kuyatsanso. Nyimbo inayimba mpaka kumapeto, mpaka pamene mayi ake amatsokomola n'kuseka. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chichitikireni maliro.

Atadzuka kuti athire tiyi, anapeza ndayala makapu atatu. Dzanja linachita lokha, monga limachitira masiku onse. Anayang'ana kapu yabuluu ya mayi ake, kenako anandiyang'ana ine. Ndinadikira kuti andiuze zomwe anauza kompyuta zija.

Koma anangoikankhira kapuyo pakati pa tebulo kuti isagwe.

Mawa ndili ndekha. Mwina ndiyala kapu imodzi. Mwina…